Chipala choyamba sichifuna ndalama zambiri

Achimwene, mwafunsa ngati mungayambe kusula popanda kugula zida za mushopu, eee zimatheka ndithu. Pitani kwa ogulitsa sikirapu mukapeze brake drum ya galimoto (chitsulo chonga mbale cha mabuleki a wilo) yoti ikhale chipala, malo oyatsapo moto wosulira, kapena ingokumbani kadzenje pansi basi. Mkatimo mumate dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga ndi phulusa, liume bwinobwino musanayatse moto, simenti ayi, imasweka ikatentha ndipo zidutswa zake zimatha kukuvulazani kumaso.

Nkhani yaikulu ndi mpweya. Paipi ilowe cha pansi pa makala, koma isakhale ya galvanized yoyera ija yokutidwa ndi mtundu wa chitsulo wotchedwa zinc, utsi wa zinc umadwalitsa zoopsa, pezani yakuda. Kopemerera ena amasoka mvukuto wa chikopa cha mbuzi ngati akale, ena amalumikiza kafani ku wilo ya njinga nkumapukusa ndi dzanja, ine ndimakonda ya njingayi chifukwa magetsi akathima ntchito siima.

Makala muwaswe tizidutswa ting'onoting'ono, akuluakulu amangowononga mpweya. Posulira, mutu wa hamala yaikulu woukhomera pa chitsa ukwanira poyamba. Zitsulo yambani ndi masipuling'i akutha a galimoto, amatulutsa mipeni ndi nkhwangwa zolimba. Ndipo musulire panja kapena pa shedi yopita mphepo, osati mnyumba.