Mchira wa cation, chloride ndi chinyezi cha ku Mangochi

Achimwene, mwafunsa za viscosity (kuvuta kuyenderera kwa chinthu chamadzimadzi, monga uchi) ya ma ionic liquid, mchere wokhala wamadzimadzi, ndi chifukwa chake imakwera methyl ikaikidwa pa C2. Maresults anu ngati akutsutsana ndi zamubuku musafulumire kuwataya, ine zinandichitikira ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Ndimaphunzitsa chemistry kuno ku Mangochi ndipo project yanga ndinkayezera mu labu ya pasukulu pathu, makina oyezera viscosity (viscometer) tinalibe, ndinkagwetsa kampira kachitsulo mu measuring cylinder nkumawerenga masekondi pa foni. Ndinali ndi ma ionic liquid awiri, BMIM BF4 ndi OMIM BF4, kusiyana kwake ndi mchira wa cation (ion ya charge ya positive) basi, BMIM wa butyl makaboni 4, OMIM wa octyl makaboni 8. Aliyense amadziwa kuti mchira ukatalika mamolekyulu amagwirana kwambiri ndi mphamvu za van der Waals, amakolana ngati ukonde wosalongedzedwa bwino, ndiye wa octyl umayenera kukhala ndi viscosity yoposa ya wa butyl kawiri kapena kupitirira apo. Kwa ine zinatuluka mozondoka, wa octyl kampira kankatsika msanga.

Tsiku la presentation ndi limene sindidzaliiwala. Ndinadzuka usiku kukwera minibasi, ndafika thukuta lili kamukamu, ndangoonetsa graph yachiwiri a supervisor anga, amene ndinawatumizira manambalawo masabata atatu m'mbuyo osandiyankha ngakhale kamodzi, anaimirira pamaso pa anthu onse nkunena kuti ndaphika data. Kuphika! Ine amene ndinkakhala mu labu mpaka mdima magetsi atathima, tochi ya foni ndili nayo kukamwa, kubwereza muyeso uliwonse kakhumi. Manja ankanjenjemera, kukamwa gwa, anzanga onse anangowerama. Ndinatuluka nkukakhala kuseri kwa nyumbayo ndikulira, bambo wa ana awiri. Akanangotsegula email yanga tikanalipeza vutolo limodzi, koma iwo anasankha kundiyalutsa kuti aoneke kuti amadziwa.

Ndipo vutolo silinali bodza langa ayi. Munthu amene anandigulitsa BMIM BF4 uja analumbira kuti ndi yoyera, koma nditadonthezamo silver nitrate panachita zoyera mbee ngati mkaka, chloride yotsalira popanga. Chloride ndi kanthu kakang'ono, charge yake ili pamalo amodzi, imagwira hydrogen ya pa ring ya imidazolium (mutu wa cation) mwamphamvu, pang'ono pokha viscosity yakwera kale. Nchifukwa chake BMIM chloride yeniyeni nthawi zambiri imakhala yolimba ngati mchere pa kutentha kwa m'chipinda pamene BMIM NTf2 imayenda bwinobwino pafupifupi 50 cP (centipoise, muyeso wa viscosity), poti anion (ion ya charge ya negative) ya NTf2 ndi yaikulu, yopindika mosavuta ndipo charge inamwazikana thupi lonse. Wogulitsa uja ndikamuimbira foni sayankhanso, ndalama zanga zinangolowa m'madzi.

Kwinaku botolo la octyl ndinkalitsegulatsegula mu January, mvula ili mkati, chinyezi cha kunyanja kuno mukuchidziwa. Zinthuzi zimamwa madzi a mumpweya ndipo madzi viscosity yake ndi pafupifupi 1 cP basi, akalowa pakati pa ma ion amawalekanitsa viscosity nkutsika. Kuwonjezera apo wa butyl ndinkayeza m'mawa ndisanalowe m'kalasi, wa octyl masana ana ataweruka malata atatentha, thermometer ili m'kabati osaigwiritsa ntchito. Uchi womwewu ukauika padzuwa umayenderera, nanga izi zingalephere bwanji.

Pa funso lanu la methyl pa C2 paja (kaboni wa pakati pa ma nitrogen awiri a ring ya imidazolium), inde viscosity imakwera ngakhale hydrogen bond imene hydrogen ya pamenepo imapanga ndi anion yachotsedwa, simunalakwitse. Zimadabwitsa anthu ambiri, ena amafotokoza kuti anion imasowa mpata wosunthira mozungulira cation ndipo mchira umavutika kutembenuka, ndiye musadalire lamulo limodzi lokha. 

Ndiye inu yezani chloride musanayambe chilichonse, umitsani sample pa vacuum, botolo litsekedwe nthawi zonse, lembani temperature pa muyeso uliwonse, ndipo mukapeza labu yokhala ndi makina a Karl Fischer pemphani akuyezereni madzi. Samalani ndi ma anion a BF4 ndi PF6 zikakumana ndi madzi ndi kutentha, zimatha kutulutsa HF (hydrofluoric acid), imeneyo imaononga mpaka mafupa. Musagule kwa mavenda a mankhwala chifukwa chotchipa, ngakhale ndalama zikavuta choline chloride ndi urea 1 kwa 2 zimakupatsani deep eutectic solvent (chamadzimadzi chofanana ndi ionic liquid) yoyambira nayo, koma nayonso imamwa madzi koopsa. Ndipo a supervisor anu musakangane nawo, apatseni manambala msanga, akapanda kuyankha kawapezeni ku ofesi ndi pepala m'manja asainire kuti aona.