Kodi alubamu ya makobidi a agogo ili ndi zaka zingati?

Achemwali ena a ku Zomba anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti pokonza m'nyumba ya malemu agogo awo, omwe anagwirapo ntchito ku Salisbury (Harare ya lero) ndi ku Joni, apeza alubamu ya ndalama zachitsulo za maiko osiyanasiyana, ndipo imodzi yasiliva yalembedwa 1780. Funso lawo nali: "Kodi ndiye kuti bukuli lapitirira zaka 200? Nanga ndilipukute kuti liwale ndisanakaonetse anthu ogula?"

Achemwali, zikomo polemba, koma ndiyambe ndi lachiwirilo chifukwa landidetsa nkhawa. Chonde musapukute. Osati ndi Brasso, osati ndi phulusa kapena ndimu ngati mmene timakwechera mapoto. Kuda kuja ndi komwe otolera makobidi amafuna, mukangokwecha mwalikanda ndipo mtengo wake wagwa pomwepo, sizibwereranso.

Tsopano za zaka. Alubamu ndi makobidi ali mkatimo ndi zinthu ziwiri, chilichonse chili ndi msinkhu wake. Kobidi lakale kwambiri silikuuzani chilichonse za bukulo, munthu atha kugula alubamu lero nkuikamo ndalama ya nthawi ya Mfumukazi Victoria. Chomwe chimathandiza ndi chinthu chatsopano kwambiri chomwe kampani inasindikiza pamasambawo, osati zomwe agogo analemba ndi bolopeni.

Ndiye yang'anani maina a maiko, apa ndi pomwe pamandisangalatsa ine. Ngati tsamba lalembedwa Gold Coast ndiye kuti analikonza isanafike 1957 pomwe dzikolo linakhala Ghana. Nyasaland ndi Northern Rhodesia maina amenewa anatha mu 1964. Ceylon inasanduka Sri Lanka mu 1972, Zaire inayamba mu 1971 nkutha mu 1997, Upper Volta inakhala Burkina Faso mu 1984. Ndiye tiyerekeze mwapeza tsamba la Malawi lilipo komanso la Ceylon lilipo, basi mwalipanikiza pakati pa 1964 ndi cha m'ma 1972, ngakhale muzisiyako mpata wa zaka zingapo poti makampaniwa sankasintha masamba tsiku lomwelo, ankayamba agulitsa kaye akale mpaka athe.

Kenako tembenuzani chikuto chakumbuyo muwerenge timalemba tating'onoting'ono tija. Ngati ndi la ku America, monga a buluu opinda aja a kampani ya Whitman ya ku Racine, Wisconsin omwe anayamba mu 1940, onani adiresi. Ikakhala ndi ZIP code (nambala ya positi ya dera) ya manambala asanu ndiye kuti si lakale kuposa 1963. Pakakhala barcode ndiye ndi la m'ma 1970 mochedwa kapena pambuyo pake. "Made in West Germany" ndi pakati pa 1949 ndi 1990. Mtengo ukalembedwa m'masheleni a ku Britain, monga 7/6, ndiye kuti ndi la isanafike February 1971 pomwe anasiya kuwerenga ndalama mwa mtundu umenewo. Ndipo ngati pansi pa mabowo oikamo makobidi anasindikizapo zaka, onani pomwe zakazo zathera nkuyamba mabowo opanda chaka, nthawi zambiri bukulo linatuluka chapomwepo.

Nanga ya 1780 ija? Mwanena kuti ndi yaikulu, yasiliva, ili ndi mutu wa mayi wonenepa ndipo kuseri kuli chiwombankhanga cha mitu iwiri. Imeneyo ndi Maria Theresa thaler ya ku Austria. Mayiwo, Maria Theresa, anali mfumukazi ya dzikolo ndipo anamwalira mu 1780, koma amalonda a ku Ethiopia ndi ku Arabia ankaikhulupirira kwambiri ndalamayi moti anapitiriza kuipanga osasintha chaka, ku Vienna, London, Rome, Bombay ndi kwina, mpaka pano ku Vienna akupangabe ndi 1780 yomweyo. Ndiye yanuyo itha kukhala ya m'ma 1930 kapena 1960. Musakhumudwe, ngati ili yeniyeni ndi siliva ndithu, magalamu pafupifupi 28, kaiyezeni pa sikelo yaing'ono poti zachinyengo ziliponso zambiri.

Zaka zinanso zimasokoneza chonchi. Ndalama ya Chiarabu yolembedwa 1380 si ya kalekale ayi, ndi kalendala ya Chisilamu, chulukitsani ndi 0.97 muonjezere 622, mupeza cha m'ma 1960. Ya ku Thailand chotsani 543, ndiye 2500 ndi 1957, ngakhale zolembedwa 2500 zija anazipangabe zaka zambiri osasintha. Za ku Japan zimawerenga zaka za mfumu, Showa 40, kutanthauza chaka cha 40 cha ufumu wa Hirohito, ndi 1965.

Kuti mudziwe nthawi yomwe agogo anasiya kutolera, apo ndiye fufuzani kobidi latsopano kwambiri. Poti anayenda maiko athu ano ndikukhulupirira muli peni yabowo ya njovu ziwiri ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zinayamba mu 1955 zimenezo, mwinanso sheleni ndi hafukoloni za 1964 zokhala ndi mutu wa Kamuzu. Ngati muli ma tambala ndiye kuti anali akuikabe pofika 1971, ngati za ku South Africa zili masenti a randi ndiye 1961 kupita kutsogolo.

Chomaliza chomwe ndikukupemphani muchite lero lomwe, ngati masambawo ndi a pulasitiki yofewa ija ya PVC ndipo mukuona zobiriwira zomata pa makobidi, atulutseni, pulasitikiyo ikuwadya. Agwireni m'mbali, lililonse muliike mu kaenvelopu kakekake ka pepala ndipo mulembe tsamba ndi bowo lomwe munalichotsa, koma muyambe mwajambula masamba onse ndi foni mmene agogo anawasanjira. Alubamuyo musataye ngakhale yatha, otolera ena amafuna alubamu zakalezo pazokha. Munditumizire chithunzi cha chikuto chakumbuyo ndi tsamba la maiko a mu Africa, tiwerengere limodzi.