Chifukwa chake amayi a banki m'khonde abwerera ku kope lawo

Mnyamata wina wa ku Nchalo wanditumizira imelo pamodzi ndi zithunzi za pulogalamu ya pafoni imene anapanga yolembera masheya ndi ngongole za gulu la banki m'khonde la amayi ake. Akuti itangochitika misonkhano itatu, amayiwo anaisiya n'kubwerera ku kope lawo lakale, ndiye akufunsa kuti awaphunzitsenso kangati kuti azolowere.

Achimwene, musavutike ndi maphunziro ena. Amayi omwewa amatumiza ndalama poimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba popanda wowagwira dzanja, choncho vuto lili pa pulogalamuyo.

Pazithunzi zanu ndaona mabatani awiri ang'onoang'ono, "Submit" (losungira) ndi "Cancel" (lofufutira), ataunjikana pakona. M'chaka cha 1954, wofufuza wina wa ku America, Paul Fitts, anasonyeza kuti chinthu chikakhala chaching'ono komanso chakutali, dzanja limatenga nthawi yaitali kuti lichifike. Tsopano taganizirani msungichuma atakhala pamkeka pansi pa mtengo mu Okutobala, kunja kukutentha monga kumatenthera kuno kuchigwa, chala chili thukuta, galasi la foni ndi losweka ndipo dzuwa likuwalirapo. Batani losungira likuzeni, lofufutira liikeni patali, ndipo zilembo zikhale zakuda pamalo oyera. Mawunso akhale amene gululo limalankhula, monga masheya, chiwongoladzanja ndi chindapusa. Mukapita nayo cha ku Bangula kapena ku Nsanje, kumene ambiri amalankhula Chisena, mukafunsenso mawu awo.

Koma chimene ndikuchiona kuti n'chachikulu ndi ichi: kope limakhala pakati pa mkeka, aliyense amaona dzina lake likulembedwa, ndipo mlembi akalakwitsa amakhwatcha anthu onse akuyang'ana. Foni imakhala m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo pankhani ya ndalama zimenezi zimabala kukayikirana. Pulogalamu yanu isanasunge kanthu, izionetsa dzina la mwini ndalama ndi kuchuluka kwake m'zilembo zazikulu, kuti mlembi awerenge mokweza ndi kutembenuzira foniyo kwa mwiniwake. Cholakwika chizikonzeka mosavuta, koma nambala yoyamba ija isazimiririke, izioneka yokhwatchidwa monga m'kope muja. Izigwiranso ntchito popanda intaneti, pakuti tonse tikukumbukira mmene namondwe Ana anawonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi n'kumasowa.

Jakob Nielsen, katswiri wa mmene anthu amagwiritsira ntchito mapulogalamu, amalangiza kuti anthu asanu okha ndi okwanira kuulula zovuta zambiri za pulogalamu. Sankhani amayi asanu, aliyense payekha mumupemphe kuti alembe masheya a K2,000, inu mukhale pambali muli chete, ngakhale mtima ukukuyabwani kuti muwalozere. Musawafunse ngati aikonda, chifukwa mwana wa mnzawo sangamuuze kuti yaipa. Muzingolemba malo amene chala chawo chaima.