Rumphi nthaka ilibe vuto, chenjerani ndi wokugulitsani malo

Achimwene, zoti mukagule malo ku Rumphi n'kumadzidalira pa chakudya, madzi ndi sola, ine ndinaziyesa, kupitirira Bolero njira ya ku Hewe. Ndikulemba pano mtima ukuwawabe.

Nthaka musaikayikire. Chimanga, mtedza, nyemba, soya zimachita bwino, fodya ndiye osanena. Kumapiri a Phoka kuli khofi ndi nthochi. Chitsime ndinakumba, madzi ndinawapeza osavutika.

Amene anandigwetsa ndi munthu. Bambo wina anandigulitsa malo, tinalemberana kalata pamaso pa nyakwawa, mboni zinasaina, ndalama anawerenga yekha akunyowetsa chala ndi malovu. Ndinazula zitsa, kuumba njerwa, kukhoma malata, kumanga nkhokwe ndi khola la mbuzi. Chimanga chitayamba kuuma mu Epulo, kunatulukira akulu ake awiri ochokera ku Joni. Ndili kumunda m'mawa ndinangomva mayi a kunyumba akukuwa. Pofika ndinapeza akhoma zikhomo pabwalo panga, chingwe chadutsa pakati pa nkhokwe ndi khitchini, kamwana kanga kakuchikoka kakuyesa masewera. Akuti malowo ndi a malemu bambo awo, mng'ono wawoyo analibe mphamvu yogulitsa. Kumeneko malo amatsata kuchimuna, kuchoka kwa bambo kupita kwa ana aamuna, si zakwathu zija za mbumba ndi amalume ayi.

Mlandu wonse unakambidwa m'Chitumbuka, ine kumangotola liwu apa ndi apo. Wondigulitsa uja anangoti zyoli, kumatokosa dothi ndi kamtengo, osandiyang'ana olo kamodzi. Nyakwawa yomwe inadya nkhuku yanga tsiku losainirana inati inkaona ngati ndikungobwereka. Kubwereka! Ndani amakhoma malata pamalo obwereka? Chimanga chomwe ndinathira feteleza wangongole anakolola ndi iwowo, ine ndikuona. Ndalama yanga mpaka lero ndi "mawa, mawa", koma Lamulungu munthuyo amakhala mpando wakutsogolo kutchalitchi. Zimandinyansa.

Zina muzidziwiretu. Mukayandikira nkhalango ya Vwaza, njovu zimatha munda usiku umodzi, komanso kuli kashembe wofalitsa kaodzera. Malungo osamva mankhwala musawasungire kunyumba, thamangirani kuchipatala. Nthawi yadzinja misewu yadothi imaterera, galimoto zimatitimira, mumangodalira njinga yamoto. Ndiye mchere, sopo, mbewu, feteleza ndi mankhwala sungani mvula isanayambe, ndi kandalama kapadera, chifukwa zimenezo sizimera m'munda.

Langizo langa, musagule malo kumeneko, basi. Komabe anthu ake ambiri ndi abwino zedi, oyandikana nawo ndi amene anatipatsa chimanga titalandidwa, mayi wina mpaka kutisungira mbuzi osalipiritsa. Ngati mtima watsimikiza, pitani. Chitani lendi kaye nyengo imodzi, muphunzire Chitumbuka, muzipita kumaliro. Pogula, mwana wamwamuna aliyense wa pabanjapo avomere, amene ali kunja alankhule pa WhatsApp anthu akumva, ndipo nkhani ikafike kwa a T/A, isathere kwa nyakwawa. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola kulembetsa malo otere m'dzina lanu, kafunseni ku ofesi yoona za malo musanaumbe njerwa ndi imodzi yomwe.

Ine pano ndikufunafuna malo ena cha ku Mhuju, kuchigwa cha Henga. Mukamva za wogulitsa amene abale ake onse agwirizana, ndipezeni ku inbox.