Mtengo wotumizira katundu ukudya phindu la zitenje zanga

Funso:

Zikomo alangizi. Ndimakhala ku Leicester, ku England, ndipo ndimagulitsa zitenje, maduku ndi ndolo za mikanda kudzera pa Facebook ndi WhatsApp. Katundu wambiri ndimatumiza pa Royal Mail, kampani ya positi ya kuno. Mtengo wotumizira ukungokwerakwera, moti kaphindu kanga kakuthera kupositi. Bambo akunyumba akuti zonsezi n'chifukwa choti boma linagulitsa kampaniyi. Kodi palibe amene amawaletsa anthuwa kukweza? Nanga ndikweze mitengo yanga kapena ndingopirira?

Mayi wa zitenje, Leicester

Yankho:

Mayi, kudandaula kwanu n'komveka, zinthu zakweradi. Pamene boma la Britain linkagulitsa masheya a Royal Mail mu Okutobala 2013, sitampa ya first class, ya makalata ofika msanga, inali 60p. Mu Epulo 2025 inafika pa £1.70. Ya second class, ya makalata ochedwerako, inachoka pa 50p kufika pa 87p. Taonani kusiyana kwake: ina inatsala pang'ono kuwirikiza katatu, inayo sinawirikize n'kawiri komwe.

Woletsa alipo, dzina lake Ofcom, bungwe limene ntchito yake ikufanana ndi ya MACRA kwathu. Kungoti kuyambira 2012 malire linaika pa second class basi, ndipo masiku ano mtengo wake suloledwa kuthamanga kuposa mmene mitengo ya zinthu zina ikukwerera. First class analekera kampani kuti izidziikira yokha mtengo.

Bambo akunyumba sananame. Kampani ikakhala ndi eni ake, eni akewo amafuna phindu, ndipo mu 2025 mpondamatiki wa ku Czech Republic, Daniel Křetínský, anagula kampani imene Royal Mail ili pansi pake pa £3.6 biliyoni. Munthu sataya ndalama zotere kuti athandize anthu. Komabe gwero la vutoli lili pena. Cha m'ma 2004 Royal Mail inkanyamula makalata pafupifupi 20 biliyoni pachaka. Lero safika 7 biliyoni, pomwe makomo oti iwafikire achuluka mpaka 32 miliyoni. Lamulo limati mtengo ukhale umodzi, kaya kalata ikupita ku London kaya ku zilumba za Shetland. Zili ngati minibasi imene yalamulidwa kunyamuka pa nthawi yake ngakhale muli anthu atatu: mafuta ndi omwewo, ndiye atatuwo ndi amene amalipira. Ngakhale ku America, kumene positi idakali m'manja mwa boma, sitampa inachoka pa masenti 46 mu 2013 kufika pa 78 mu 2025.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti anthu akulipira zambiri koma makalata akuchedwa. Ofcom inalipitsa Royal Mail chindapusa cha £5.6 miliyoni mu 2023 ndi £10.5 miliyoni mu 2024 chifukwa cha kuchedwaku. Mu Julayi 2025 inavomerezanso kuti makalata a second class asamaperekedwe Loweruka, ndipo mkati mwa sabata azidumphitsa tsiku. Mitengoyi musayembekeze kuti itsika.

Tsono tibwere pa zitenje zanu. Royal Mail imayang'ana kulemera ndi kukula kwa phukusi, ndipo ambiri amaluza ndalama pa kukulako. Chinthu chikakhala chosapyola masentimita 2.5 kuchindikala kwake, 35.3 m'litali ndi 25 m'lifupi, chimapita ngati Large Letter. Chikangotumphuka pang'ono chasanduka Small Parcel, mtengo n'kudumpha. Tengani katoni yolimba, muiboole mpata wa masentimita 2.5, izikhala pathebulo pamene mumalongedzera. Duku kapena chitenje cha mayadi awiri muchisite, muchipinde chaphwatalala, muchiike m'kajumbo kotumizira katundu, mufinye mpweya wonse musanamate, kenako muchilowetse pampata uja. Chikadutsa mosakakamiza, mwapulumutsa ndalama. Ndolo nazonso musaziike m'kabokosi; zibayeni pakapepala kolimba n'kuzikulunga bwino. Cha mayadi sikisi chokha musalimbane nacho, chimenecho n'cha Small Parcel.

Lipirani pa intaneti kudzera pa Click & Drop ya Royal Mail, chifukwa mapasulo ambiri amatsikirako kusiyana ndi pakauntala. Yerekezaninso ndi makampani ena otumiza mapasulo monga Evri kapena InPost pa katundu wolemera. Ndipo nthawi zonse sungani umboni woti mwatumiza, umene kupositi amapereka ulere, chifukwa popanda umenewo katundu akasowa simungadandaule n'kubwezeredwa kanthu. Ngati mumagwiritsa ntchito masitampa, gulani ochuluka akangolengeza kuti akweza: olembedwa 1st kapena 2nd, okhala ndi barcode, amagwirabe ntchito mtengo ukakwera.

Pa funso lanu lomaliza, musapirire ayi. Kupirira kotereku ndi kumene kumagwetsa mabizinesi a amayi ambiri, chifukwa makasitomala athu ndi anzathu a kutchalitchi ndi achibale, ndiye timachita manyazi kutchula ndalama yotumizira. Khalani pansi ndi kope, muwerengetse chitenje chimodzi: mtengo woodera, ndalama yochibweretsera ku England, kajumbo, tepi, pepala la adiresi ndi positi. Phindu lanu liyambire pamwamba pa zonsezo. Kwa kasitomala ikani njira ziwiri poyera: yotsika mtengo yodikira masiku angapo, ndi yachangu imene alipire yekha. Wofuna chitenje cha chinkhoswe cha Loweruka lomweli sadzakana kuwonjezera. Wogula zitatu kapena zinayi pakamodzi mungamuchotsere ndalama yotumizira, popeza Small Parcel imodzi imanyamula mpaka makilogalamu awiri. Mitengo yanu muziiunikanso Epulo aliyense, mwezi umene Royal Mail imakonda kusintha yake.