Kodi ku Pantanal ndipite mwezi uti kuti ndikaone jaguar?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo yonena kuti akufuna kukaona nyama ku Pantanal, dambo lalikulu kuposa madambo onse a m'madera otentha, ndipo akuganiza zonyamuka mu Januwale chifukwa ndi pamene amakhala pa tchuthi. Akufunsa ngati mwezi umenewu angakaone jaguar, chilombo chamawangamawanga chofanana ndi nyalugwe koma chojintcha kuposa iye.

Mayi, ngati n'kotheka, sinthani mwezi. Ku Pantanal madzi ndiwo amalamulira zonse. Dambo limeneli, lomwe mbali yake yaikulu ili ku Brazil ndipo ina ku Bolivia ndi ku Paraguay, ndi losalala kwambiri moti mvula ikagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, mtsinje wa Paraguay ndi mitsinje yothira mmenemo imasefukira n'kumiza pafupifupi magawo 80 pa 100 a dera lonse, ndipo madziwo amatenga miyezi ingapo kuti achoke kumpoto n'kufika kumwera. Nthawi imeneyo nyama zimabalalika, misewu imaterera kapena kumira, ndipo udzudzu umachuluka koopsa. Malowo amakongola ndithu, koma mukhoza kubwerako musanaone chimene mwapitira.

Kuyambira Julayi mpaka Okutobala madzi amaphwa, nsomba zimapanikizana m'zithaphwi zotsala, ndipo chilichonse chodya nsomba chimasonkhana pomwepo. Mudzaona ng'ona za kumeneko zotchedwa jacaré zitandandalika kuwothera dzuwa, akatumbu akuluakulu akusaka m'magulu, komanso dokowe wamtali wa mutu wakuda ndi khosi lofiira, amene anthu akumeneko amamutcha tuiuiú ndipo amamutenga ngati chizindikiro cha dera lawo. Capybara, yemwe ndi wamkulu kuposa nyama zonse za mtundu wa makoswe, amangoyendayenda m'mbali mwa msewu mopanda mantha. Jaguar nayenso amatsikira kugombe kudzasaka jacaré ndi capybara, ndipo nsagwada zake ndi zamphamvu moti amapha poboola chigaza.

Poti mtima wanu uli pa jaguar, lowerani kumpoto. Mukatera pa ndege ku mzinda wa Cuiabá ku Brazil, mupite ku tauni ya Poconé, kumene umayambira msewu wafumbi wa Transpantaneira, wa makilomita pafupifupi 147 ndi milatho yoposa 100, ina yamatabwa. Msewuwu umathera ku Porto Jofre, ndipo kuchokera pamenepo alendo amakwera maboti n'kuyenda tsiku lonse m'mitsinje ya Cuiabá, Piquiri ndi Três Irmãos, m'malo otetezedwa a Encontro das Águas. Palibe wotsogolera alendo woona mtima amene angakulonjezeni nyama yakutchire, komabe mukagonako masiku angapo m'chilimwe mwayi wanu umakhala waukulu kwambiri. Kumwera, kolowera ku mzinda wa Campo Grande, n'kwabwino kwa wofuna kuyenda pa kavalo m'mafamu a ng'ombe, pakuti malo ambiri a Pantanal ndi a anthu oweta ng'ombe, ndipo ena a iwo amalandira alendo.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa mtima, ndipo muyenera kuchidziwa posankha masiku. Chilimwe chikafika pachimake kumabuka moto. Mu 2020 unatentha gawo loposa limodzi mwa magawo anayi a Pantanal ya ku Brazil, kuphatikizapo mbali yaikulu ya Encontro das Águas, ndipo nyama zosawerengeka zinafa. N'chifukwa chake ine ndingasankhe Julayi kapena Ogasiti, udzu usanaumiretu, ngakhale kuti m'mawa pa boti kumatha kuzizira moti juzi imafunika.

Musanayambe ulendo, kabayitseni katemera wa matenda a yellow fever patatsala masiku osachepera 10, sungitsani malo ogona msanga chifukwa ku Porto Jofre amadzaza, ndipo sankhani woyendetsa boti amene sayandikira jaguar mopitirira muyeso pofuna kukondweretsa ojambula zithunzi.