Kuphunzitsa ndi kujambula za makolo: taonani moyo wa David Driskell

Achemwali, funso lanu lili pawiri. Mukufunsa ngati munthu angakhale mphunzitsi wa zojambulajambula pa yunivesite luso lake osazilala, komanso mmene mungalowetsere za makolo m'zithunzi zanu zosakaniza penti, mapepala ndi nsalu popanda kungokopera zigoba za kumaso zomwe aliyense amajambula. Ena akuuzani kale kuti kalasi imadya nthawi. Imadyadi, sindikutsutsa. Koma musanagamule, ndikufuna mumudziwe David Driskell.

Bamboyu anabadwa mu 1931 ku Eatonton, m'chigawo cha Georgia ku America, nakulira kumudzi ku North Carolina. Bambo ake anali m'busa wa mpingo wa Baptist, mayi ake ankaluka madengu ndi kusoka zofunda polumikiza zidutswa za nsalu. Atapita ku Howard University ankafuna kuphunzira mbiri yakale, koma James Porter, pulofesa wa zaluso kumeneko, anaona dzanja lake namukokera ku zojambula. Anamaliza mu 1955 ndipo chaka chomwecho anayamba kuphunzitsa ku Talladega College ku Alabama. Kenako anabwerera ku Howard, mu 1966 anapita ku Fisk University kukatsogolera gawo la zaluso m'malo mwa Aaron Douglas, wojambula wotchuka wachikuda, ndipo kuyambira 1977 mpaka 1998 anali ku University of Maryland. Zaka zoposa 40 ali m'kalasi, burashi osaitaya.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti uphunzitsiwo ndi umene unamupatsa zoti ajambule. Nthawi imeneyo mabuku a mbiri ya zaluso ku America ankangodumpha anthu akuda ngati kuti sanagwirepo penti. Kuti apeze choti aphunzitse, Driskell anayenera kufufuza yekha, kuyendera akuluakulu amene anali akadali moyo, kufukula zithunzi zimene zinali zitaiwalika m'nyumba za anthu ndi m'masukulu. Zotsatira zake zinaoneka mu 1976, pamene anakonza chionetsero cha Two Centuries of Black American Art ku Los Angeles County Museum of Art. Munali ntchito zoposa 200 za aluso 63, kuyambira 1750 mpaka 1950, ndipo chinayendanso ku Atlanta, Dallas ndi Brooklyn. Munthu amene wagwira ndi manja ake ntchito za agogo ake a m'luso chotere, akabwerera pa tebulo lake sajambulanso mwachisawawa.

Tsono za makolo. Apa ndi pamene ambiri timaphonya, chifukwa tikamva "makolo" maganizo amathamangira kutali, kwa anthu amene sitinawaonepo. Driskell anayambira pafupi. Yang'anani zithunzi zake zomatamata: timizere ta mapepala opakidwa utoto, tong'ambidwa ndi manja, toyalidwa moyandikana, tina titaphimba tinzake. Ndi mmene mayi ake ankalumikizira nsalu. Sanajambule chofunda cha mayi ake ayi, anatenga kagwiridwe kawo ka ntchito. Pepala long'ambidwa limasiya m'mphepete moyera, mwa ulusi, mosawongoka, ndipo iye ankasiya m'mphepetemo muoneke, kenako n'kudutsitsa mzere wakuda pamwamba kuti zidutswazo zigwirane. Za bambo ake nazo zilimo: angelo, munda wa Edeni, nkhani za m'Baibulo. Chithunzi chake cha 1956, Behold Thy Son (mawu a Yesu pa mtanda akuti "onani mwana wanu"), anachijambula pokumbukira Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 amene anaphedwa mwankhanza ku Mississippi mu 1955. Thupi lozunzika lili m'manja mwa mayi, mikono yotambasuka ngati pa mtanda. Mwana wa m'busa analira maliro amenewo m'chinenero chimene anakulira nacho.

Zigoba za kumaso zinayamba kuonekera kwambiri m'zithunzi zake pambuyo, atafika yekha ku Africa ndipo mu 1970 atakhalako kanthawi pa yunivesite ya Ife ku Nigeria. Ngakhale pamenepo sanazimate ngati chokongoletsera. Kawirikawiri nkhope amaigawa pakati, mbali ina munthu wamoyo, mbali ina chigoba. Mu chithunzi chodzijambula yekha cha 1974 anagwirizanitsa nkhope yake ndi nkhope yosemedwa ya ufumu wakale wa Benin, ku Nigeria. Kwa munthu amene makolo ake anachotsedwa ku Africa mu ukapolo, mayina ndi midzi yawo n'kutayika, nkhope yogawika ija ikunena zoona zake: mbali ina akuidziwa, mbali ina akuifunafuna. Ineyo ndikuona kuti chimene chimasiyanitsa ntchito yake ndi zithunzi zogulitsa kwa alendo n'chimenechi. Iye ankadziwa kuti chigoba chilichonse chachokera kwa anthu ati, ndipo ankadziwa chifukwa chake chikufunika pa pepala limenelo.

Choncho musanamate kanthu, dzifunseni kuti ndani m'banja mwanu ankapanga zinthu ndi manja, ndipo manjawo ankayenda bwanji. Ngati chinthu chili chopatulika kwa eni ake, funsani kaye. Si zonse zimene zili zoyenera kupachikidwa pakhoma.

Popeza mwati mukungoyamba mixed media, kutanthauza luso losakaniza penti, mapepala ndi nsalu lija, nazi zochepa za pa tebulo. Pepala la nyuzipepala limachita chikasu ndi kufumbutuka pakapita zaka, ndiye ngati mukufuna chithunzi chikhalitse, gwiritsani ntchito pepala lopanda asidi lomwe mwalipaka utoto nokha. Guluu wamadzimadzi amakwinyitsa pepala lopyapyala. Pakani pang'ono, salazani kuchokera pakati kupita m'mbali, n'kutsindira ndi chinthu cholemera mpaka liume. Penti wa oilo akhoza kukhala pamwamba pa acrylic (penti wosungunulira m'madzi amene amauma msanga) wouma, koma acrylic pamwamba pa oilo amasupuka. Driskell ankakondanso encaustic, kutanthauza utoto wosakaniza ndi phula la njuchi losungunula. Umenewu umafuna thabwa lolimba osati nsalu yolendewera, gawo lililonse liyenera kutenthedwa pang'ono kuti ligwirane ndi lapansi pake, ndipo mazenera azikhala otsekula chifukwa utsi wake si wabwino pachifuwa.

Nanga nthawi ankaipeza kuti? Kuyambira 1961 anali ndi malo ku Falmouth, m'chigawo cha Maine, kumene ankapita sukulu zikatsekera, kukajambula ndi kulima dimba lake. Mitengo ya paini imene imabwerabwera m'zithunzi zake ndi ya kumeneko. Inu mwina simungakhale ndi nyumba yachiwiri, koma nyengo ya tchuthi muli nayo, ndipo muyenera kuiteteza kuti isadyedwe ndi misonkhano ndi kuchonga mayeso.

Mu 2000 Purezidenti Bill Clinton anamupatsa mendulo ya National Humanities Medal, ndipo mu 2001 University of Maryland inatsegula David C. Driskell Center m'dzina lake. Anamwalira pa 1 Epulo 2020 ndi matenda a COVID-19 ali ndi zaka 88. Fufuzani zithunzi zake pa intaneti, muzikulitse mpaka muone m'mphepete mwa mapepala, kenako munditumizire chimene mwayamba kumata kuti tikambirane pa ntchito yanu yeniyeniyo.